Ana Ena a Adada

Adada anali Mchewa, ndipo chinenero chimene ndikulembera pano ndinachitenga kwa iwo. Amama anali a konkuno ku Mzimba, choncho pakhomo tinkayankhula Chitumbuka, ndipo bambo anga ndinkawatchula kuti adada monga ana onse a kuno. Koma iwo akamapemphera, kapena akadzimenya chala ndi nyundo, Chichewa chinkangotuluka chokha. Ndinachitola momwemo, pang'onopang'ono, nditakhala pa utuchi.

Ndinabadwira pa Boma la Mzimba lisanakhale tawuni. Panali nyumba zochepa za njerwa za Azungu, ofesi, ndende, sitolo ya Mmwenye ndi timanyumba ta amesenjala, basi. Katundu ankabwera pamitu ya amtengatenga, ndipo Mzungu akafuna kuyendera midzi ankamunyamula pamachila. Adada anali kalipentala. Anali ndi chisakasa chaudzu kuseri kwa nyumba yathu, mmene ankakhomeramo zitseko, mipando, mabenchi ndi mabokosi a amuna opita kukagwira ntchito ku Halale.

Aliyense ankadziwa kuti adada samwa mowa, ndipo ankadziwanso chifukwa chake. Anafika ku Mzimba akuchokera ku Halale komweko, ali ndi sowo imodzi ndi bulangete long'ambika, ndipo miyezi yoyambirira ankagona paliponse pamene mowa wawagwetsera. Amalume anga, amene anali mkulu wa mpingo, ndiwo anawatola m'mphepete mwa mtsinje m'mawa wina wa nyengo yozizira, atauma ngati chikuni. Anawasunga kunyumba kwawo, anawalowetsa kalasi ya ubatizo, ndipo patapita zaka anawalola kukwatira mlongo wawo, amene anali wamasiye wopanda mwana. Mwana amene anabadwa m'banja limenelo ndine ndekha.

Adada anausiya mowa, koma mowawo sunafune kuwasiya. Pakhomo pena akaphika, fungo n'kufika kuchisakasa, manja a adada ankayamba kunjenjemera. Ankaika pulena pansi, n'kutenga nzimbe kapena chinangwa chouma, kumatafuna mpaka nsagwada kuwawa. Popita kukapereka chitseko ankazungulira njira yaitali kuti asadutse pamene pakhala amuna ndi zipanda. Kumaukwati ankakhala chakumbali ndi thobwa, amuna anzawo akuwaseka kuti Mchewa wa mpingo amamwa za ana. Ine zimenezo sizinkandivuta. Ndinkanyada kuti adada anga sagwa m'njira monga madada a anzanga.

Chimene chinandivuta chinayamba ndi kampando. Mano anga akutsogolo atangoguluka, adada anandikhomera kampando ka mlombwa, kolingana ndi msinkhu wanga. Ndinkayenda nako paliponse. Patapita masiku ochepa ndinawapeza akukhoma kena kofanana nako, koma aka anakapala mofatsa kwambiri, nakajambula timizere m'miyendo. Ndinadikira kuti andipatse. Atamaliza anakwera pabenchi, nakaika m'mwamba pamitanda ya chisakasa.

Ndinakafunsa amama, amene anali kupeta mawere pabwalo. Sanasiye kupeta. Anangondiuza kuti kampandoko n'ka mwana wawo wa adada wa kwawo. Ndinali ndisanamvepo kuti adada ali ndi kwawo kwina kuposa pakhomo pathu. Amama anafotokoza mosabisa, monga munthu wonena za nyengo. Kummwera, kupitirira Jenda cha ku Kasungu, adada anasiyako mkazi ndi ana awiri, wamkazi ndi wamwamuna. Chinali chaka cha njala. Anatenga mbuzi yomaliza ndi mawere a mbewu, nakasinthitsa ndi mowa kumudzi wina. Mowa utawachoka m'mutu anachita manyazi kubwerera, ndipo anangotsatira gulu la amuna amene ankadutsa pa ulendo wa ku Halale. Mwana wamkaziyo anali atangoyamba kutunga madzi ndi kachikho, wamwamunayo anali wakumsana.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuona zimene ndinkaziphonya. Chilichonse chimene adada ankandipangira chinali ndi chinzake. Chipeso, kamtondo ka masanje ndi kamunsi kake, kabokosi koikamo mikanda. Zanga zinkada, zinkang'aluka, zina zinkasowa. Za mwana ujayo zinkakhala m'mwamba zili zatsopano, ndipo adada ankazitsitsa nthawi ndi nthawi kuzipukuta fumbi ndi kuona ngati zafumbwa. Ndinkagona chagada pa utuchi kumaziyang'ana. Ndinkadana naye mtsikana amene sindinamuonepo. M'maganizo mwanga anali woyera khungu, wa mano okongola, wosatulutsa mamina, wosaswa mbale.

Pa mapemphero a madzulo adada ankapempherera ana awo akutali mwa Chichewa, ndipo mawu awo ankasweka pakati. Ankatchula mayina awo, napempha kuti asagone ndi njala, kuti asadwale, kuti njoka isawalume. Ine ndinkabwera kumapeto, m'mawu ochepa: ndi uyu amene ali pafupiyu. Kawirikawiri akatanganidwa ndi ntchito ankandiitana ndi dzina la mtsikana uja, ndipo ndinkakhala chete dala mpaka azindikire okha. Tsiku lina anaima pakati pocheka thabwa, nandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandipempha kuti nditchule kuti atate, monga amatchulira ana a kwawo. Ndinatchula. Anatseka maso. Ndinadziwa kuti sakumva ine, ndipo sindinabwerezenso ngakhale anandipempha kawiri.

Ndinayesa zonse kuti andione. Ndinkawatungira madzi osamba, ndinkasesa chisakasa, ndinkawongola misomali yopindika. Kusukulu ya mishoni ndinadziwa kuwerenga msanga kuposa anyamata ambiri. Adada ankandigwira pamutu, n'kunena kuti yewo chomene, mwana wanga, m'Chitumbuka chawo chopotoka chija. Sanandimenyepo, sanandimanepo kanthu. Koma dzanja likakhala pamutu panga, maso ankakhala kwina.

Nditasinkhukirapo, mabere asanaphuke, kunabwera munthu wogulitsa makasu wochokera cha ku Kasungu. Anafuna bokosi. Atamva kayankhulidwe ka adada anafunsa kwawo, ndipo zinapezeka kuti mudziwo ankaudziwa. Anawauza kuti mkazi uja alipo, anakwatiwanso, ana onse awiri anakula, ndipo wamkaziyo ali ndi khanda. Munthuyo atapita, adada sanagwire ntchito kwa masiku angapo. Ankangokhala pabenchi kumatafuna chinangwa. Kenaka anauza amama kuti akufuna kupita.

Amama sanali munthu wokweza mawu. Anafunsa ngati akupita kukabwera kapena kukakhala, ndipo adada analumbira kuti akabwera. Amama ankaopa zinthu ziwiri, mowa ndi mkazi uja, ndipo sindidziwa chimene ankachiopa kwambiri. Anaganiza tsiku lonse, kenaka anagamula.

"Mwana apite nanu," anatero. "Mukafuna kugwira chipanda, muzikayamba mwamuyang'ana iyeyu."

Tinanyamuka anthu atakolola, udzu utayamba kuuma. Adada anatsitsa zinthu zonse zija, nazimanga ndi luzi mtolo umodzi, kampando pamwamba, nasenza. Ine ndinasenza kamba: ufa, mtedza ndi mbatata zootcha. Tinkayenda wapansi, kugona m'midzi ya anthu a mpingo amene amalume anatitchulira. Masiku oyambirira a ulendowo ndiwo masiku amene ndinawakhala ndi adada anga ndekha, ndipo mpaka lero ndimawakumbukira bwino kuposa tsiku la ukwati wanga. Ankandisonyeza mitengo ndi kunditchulira mayina ake m'Chichewa: uwu ndi mlombwa, uwu muwanga, uwu msuku, uwo uko m'mbali mwa mtsinje ndi mbawa. Ankandiuza wolimba, wofumbwa msanga, wonunkhira ukamachekedwa. Powoloka mitsinje ankaika mtolo tsidya, n'kubwerera kudzandinyamula. Tinadutsa makola aakulu a ng'ombe za Angoni, anyamata oweta akutiyang'ana, ndipo ine ndinkayenda moyandikana ndi adada kuti aone kuti ndi anga.

Ku Jenda nthawi imeneyo kunalibe kanthu, nyumba zochepa chabe ndi mphambano ya njira. Titapitirira pamenepo adada anasiya kuyankhula. Milomo yawo inkagwedera, akuyeserera mawu oti akanene. Nawonso anthu a m'njira anasintha kayankhulidwe. Aliyense, ngakhale ana, ankayankhula ngati adada. Ndikapereka moni ankamwetulira chifukwa cha lilime langa la Chitumbuka. Kwathu mlendo anali adada. Kuno mlendo ndinali ine.

Tinafika dzuwa litapendeka. Unali mudzi waung'ono wa nyumba zozungulira, zigafa za fodya kumbali, nkhokwe zodzaza chimanga. Tinakhala pansi pa mtengo kumapeto kwa bwalo, ndipo adada anatuma kamwana kuti kakaitane mayi a pakhomo lachitatu. Anabwera mayi wamfupi, woonda, imvi zitayamba, manja akuda ndi utomoni wa fodya. Ndinakhumudwa pang'ono poona kuti mkazi amene amama ankamuopa ndi ameneyu. Anaima, anawayang'ana adada, kenaka anagwada chapatali napereka moni wa mlendo aliyense, kufunsa mmene tayendera.

Amuna awo a mayiwo anabwera ndi mphasa. Anali munthu wotsimphina, wokonda kuseka, ndipo atamva kuti mlendoyo ndi ndani sanasinthe nkhope. Anayala mphasa, natilonjera, nati ulendo wotere ngwaludzu. Pamudzipo anali ataphika mowa wa anthu amene anathandiza kukolola, ndipo bamboyo, posadziwa kanthu, anakatenga chipanda chodzaza nawapatsa adada ndi manja awiri.

Adada anachilandira, chifukwa mlendo sakana chinthu chili m'manja mwa mwini khomo. Fungo linatifikira tonse. Manja awo anayamba kunjenjemera mpaka mowa kutayikira m'zala. Ine ndinasendera kutsogolo kuti andione bwino, pokumbukira mawu a amama. Ndinawongola khosi, ndinatsokomola. Adada anakweza maso, koma anapitirira ine. Anayang'ana kunkhokwe, kumene kunaima mayi wachitsikana wamtali, khanda lili kumsana, manja atapinda pachifuwa. Anamuyang'ana iyeyo mpaka manja anasiya kunjenjemera, kenaka anaika chipanda pansi.

"Zikomo, bambo. Ndinasiya."

Mtsikana wa pankhokweyo anaseka kaphwete kouma. "Munasiya," anatero. "Ndiye mwayi ngwa amene munawasiyirawo."

Ameneyo ndiye anali mkulu wanga. Sanali woyera khungu. Anali ndi chipsera pachibwano ndi mapazi ong'aluka ngati a mayi aliyense wa kumudzi. Koma ine ndinali nditayenda ulendo wonsewo kuti ndikhale chowaletsa adada kumwa, ndipo ntchitoyo anaigwira ndi iye, ataima chabe, osafuna n'komwe.

Dzuwa lili pafupi kulowa kunabwera mnyamata kuchokera kudimba, khasu paphewa. Anali adada enieni: makutu otambalala omwewo, kayendedwe kowerama komweko, zala zazitali zomwezo. Ine ndinatengera amama chilichonse, ndipo anthu pa Boma ankakonda kunena nthabwala kuti Mchewa sanasiyepo chizindikiro. Mnyamatayo anaika khasu pansi, anapita kwa bambo wotsimphina uja, nafunsa kuti, atate, alendowa ngochokera kuti. Ndinayang'ana nkhope ya adada. Inali nkhope imene ndinkaidziwa, chifukwa ndi imene ine ndinkakhala nayo ndikagona pa utuchi kuyang'ana m'mwamba.

Kenaka adada anamasula mtolo. Sindidziwa chimene ankaganiza zaka zonsezo, kapena ankayesa kuti ana amaima kukula bambo akachoka. Anandanda pamphasa kampando, kamtondo, kamunsi, chipeso, kabokosi. Amayi a pamudzi amene anasonkhana anabisa pakamwa ndi nsalu. Mkulu wanga anabwera, anatola kampando, anakatembenuza kuona timizere tija, kenaka anakapereka kwa kamwana ka eni kamene kanaima pafupi. Kamwanako kanathawa nako kuseri kwa nyumba. Zinthu zimene ndinazisirira ubwana wanga wonse zinagawidwa kwa ana a pamudzi dzuwa lisanalowe.

Adada anagwada pamaso pa mayi aja napepesa. Ananena za mbuzi, za mawere, za manyazi. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, akuyang'ana pansi. Poyankha sanakalipe. Anati mkwiyo unatha kalekale, unapita ndi njala yomweyo, chifukwa munthu wokumba mizu alibe mphamvu zokwiyira. Anati bambo wotsimphinayu ndiye ankabwera ndi gaga m'kansalu pamene abale anali atatopa nawo. Kenaka anawonjeza zimene adada sankazidziwa.

"Munasiya atatu, osati awiri. Wachitatu anali m'mimba, ndipo sanakhalitse. Inuyo tinakudikirani, titatopa tinakulirani maliro, tinameta. Tsono munthu amene tinameta kale maliro ake, sindidziwa kuti timuike pati."

Adada anakhala chigwadire. Bambo wotsimphina uja ndiye anawadzutsa, nawatengera kumphala kuti akagone ndi mnyamata uja. Ine anandipereka kwa mkulu wanga.

M'mawa mwake anandiuza kuti ndimuperekeze kuchitsime. Ndinkatsimphina chifukwa munga unali utandilowa kuphazi m'njira, ndipo titafika kudambo anandikhazika pansi, anatenga phazi langa naliika pantchafu pake, nayamba kutokosa ndi munga unzake. Sanachite mwachifundo. Akutokosa choncho ankandifunsa mafunso, osandiyang'ana. Anafunsa ngati adada amandimenya. Ndinati ayi. Ngati amawamenya amama, ngati anagonapo kunja osabwera, ngati anagulitsapo nsalu ya amama. Zonse ndinati ayi. Anagwira diresi langa la kaliko, nalipotokola pakati pa zala, nafunsa ngati n'zoona kuti ndimapita kusukulu. Nditavomera anakankha mungawo mwamphamvu mpaka ndinakuwa.

"Iwe wadya zakupsa," anatero. "Ife tinatafuna zaziwisi. Ine ndimakumbukira bambo wosanza pakhomo, amayi akukolopa ndi phulusa."

Ndinapsa mtima. Ndinamuuza m'Chichewa changa chosakaniza kuti iye ndiye ali ndi zonse. Kuti adada amamupempherera tsiku lililonse mpaka kulira, kuti amandiitana ndi dzina lake, kuti ine sanandilirirepo ngakhale pamene ndinadwala chikuku. Anandiyang'ana koyamba, modabwa, ngati ndanena zamisala.

"Ndiye tisinthane, mwana iwe. Tenga misoziyo, undipatse zaka zako."

Anatulutsa mungawo, nandionetsa, nautaya. Tinatunga madzi n'kubwerera, iye patsogolo ine pambuyo, ndipo palibe amene anamumvera chisoni mnzake.

Ndinkayesa kuti tibwerera awiri monga tinabwerera, ndipo ndinali nditayamba kale kukondwa kuti mtolo uja watha ndipo adada atsala anga. Koma bambo wotsimphina uja anabwera ndi maganizo. Anati mnyamatayu wayamba kukamba za ku Halale, ndipo kusiyana n'kuti akatayike kumeneko, bwanji apite ndi adada akaphunzire kukhoma matabwa. Mayi ake sanakane, amalume ake a mnyamatayo anavomera. Adada anagwira manja a bamboyo nthawi yaitali.

Pobwerera ndinkayenda pambuyo. Awiriwo ankatsogola, misana yofanana, mapazi oponda mofanana. Ndinamva adada akumusonyeza mitengo: uwu ndi mlombwa, uwu muwanga, uwo ndi mbawa, mawu omwe aja, ngakhale mnyamatayo anakulira m'tchire ndipo ankaidziwa yonse. Pamitsinje ndinkawoloka ndekha. Madzi anali ochepa, sindikanamira, ndipo adada ankatembenuka kundifunsa ngati ndili bwino. Ndinkati ndili bwino.

Amama anamulandira mlongo wangayo mwaulemu. Anamukonzera kanyumba, ankamupatsa chakudya chofanana ndi cha adada, ndipo sindinawamvepo akumunenera choipa, ngakhale kuti masiku amenewo ankasinja mwamphamvu kuposa kale. Tsiku loyamba lomwe adada anamugwiritsa pulena, imene ine sankandilola ngakhale kuinyamula poopa kuti ndiigwetsa. Ndinkaima pakhomo la chisakasa ndi tsache, kumaona dzanja la adada lili pamwamba pa dzanja lake, akukankhira limodzi. Mnyamatayo anali ndi mutu. Mvula isanagwe kawiri anali akukhoma yekha zitseko zimene Azungu sankazisiyanitsa ndi za adada.

Koma sanawatchulepo kuti atate. Ankawaitana kuti amisiri, monga ankachitira makasitomala, ndipo akamakamba za atate ake ankatanthauza wotsimphina uja. Adada ankavomera dzina la amisirilo mosadandaula. Nthawi zina mnyamatayo akanena kuti atate anandiphunzitsa kutchera misampha, kapena atate amakonda nyama ya insa, adada ankawerama n'kumapala thabwa limene linali losalala kale.

Kenaka anayamba kumwa. Anapalana ubwenzi ndi amesenjala, ndipo Loweruka ankasowa. Adada, amene zaka zonse ankazungulira njira kuthawa fungo la mowa, tsopano ankalowa pakati penipeni pa zipanda kukamutenga. Ankabwera atamukoleka paphewa, iwo eni thukuta lili kamukamu, n'kumugoneka, n'kukakhala kuchisakasa kutafuna nzimbe. Sanamukalipirepo. Amalume atawadzudzula kuti akumulekerera, adada anati alibe pakamwa pomudzudzulira mwana amene anamusiya kumsana.

Sabata yomweyo ine ndinataya guluu amene adada anasungunula pamoto, ndipo anandikalipira pamaso pa mlongo wangayo. Sikunali kukalipa kwakukulu, koma kunandikwanira. Nditawapeza okha ndinawafunsa chimene chinali pamtima panga zaka zonse.

"Adada, kodi ine munandilakwirapo chiyani?"

Anadabwa, naganiza moona mtima, nati palibe chimene akukumbukira.

"Bola mukanandilakwira," ndinatero.

Anaika chida pansi nandiyang'ana, ndipo ulendo uno anandiyang'anadi ine. Anandikokera pafupi. Anati, "Iwe, mwana wanga, ndiwe amene ndikaganiza za iwe ndimagona tulo." Ankayesa kuti akundipatsa chinthu chachikulu, ndipo lero, nditalera ana anga, ndikudziwa kuti chinalidi chachikulu. Koma tsiku limenelo ndinatuluka m'chisakasa ndili ndi njala yomweyo. Ndinkafuna kukhala mwana wowasowetsa tulo.

Mlongo wanga anakhala nafe zaka zingapo, kenaka anabwerera kummwera. Adada anamupatsa pulena ija ndi sowo yawo yabwino, iwo n'kutsala ndi zakale. Anakakhazikika cha ku Jenda, nakhala mmisiri wodziwika, womwa ndi kusiya, kumwa ndi kusiya, mpaka ukalamba wake. Adada sanamwenso mpaka imfa yawo. Anadwala chifuwa ine ndili ndi mwana woyamba, ndipo ndinabwerera pakhomo kudzathandiza amama kuwasamalira. Ndinkawatembenuza, ndinkawamwetsa phala, ndinkachapa nsalu zawo. Ankandithokoza nthawi iliyonse. Akamva mapazi panja ankafunsa ngati kwabwera munthu wochokera kummwera. Tinatumiza uthenga. Mlongo wanga anafika adada atatsirizika kale, ndipo ndiye anakhoma bokosi lawo. Mkulu wanga sanabwere.

Ndinakamuonanso kamodzi kokha, tonse tili ndi imvi, msewu utakonzedwa ndipo malole akudutsa pa Jenda. Mwana wanga ankagula fodya kumeneko, ndipo ndinamupempha kuti anditenge. Ndinamupeza mkulu wanga ali pakhonde, maso atachita khungu pang'ono, akuswa mtedza. Anandizindikira ndi lilime langa. Ndinakhala pansi n'kuyamba kumuthandiza.

Ndinali nditakonzeka kumuuza za imfa ya adada, kuti ankamufunsa mpaka tsiku lomaliza. Ndinamuuza, ngakhale kuti kunena zimenezo kunkandiwawa. Iye anangogwedeza mutu ngati wamva za mtengo wa mchere. Zimene ankafuna zinali zina. Anafunsa ndiwo imene adada ankaikonda. Anafunsa ngati ankaimba akamagwira ntchito, ndiponso ngati ankaseka. Ndinamuuza kuti ankakonda nkhwani wotendera, kuti ankaimba nyimbo za m'tchalitchi molakwitsa mawu, ndipo kuti akaseka ankagwira m'mimba n'kumatsokomola mpaka amama kuwamenya pamsana. Anasiya kuswa mtedza. Anati iye kuseka kumeneko sanakumvepo, ndipo anandiuza kuti ndifotokozenso. Ndinafotokozanso, ndipo ndinaona kuti ndikuwonjezera tina ndi tina, mokoma, kuti amve bwino chimene ndinali nacho. Iyenso anandifunsa, ngati mosalabadira, kuti dzina limene adada ankalitchula pomaliza linali la yani. Ankadziwa yankho. Ankangofuna kuti lituluke pakamwa panga.

Ndinagona kumeneko, ndipo m'mawa anandiperekeza mpaka pamsewu, akugwira mkono wanga chifukwa cha maso. Anandipatsa nkhuku yomanga miyendo ndi kathumba ka mtedza umene tinaswa. Lole itafika ndinakwera, iye anatembenuka kubwerera kumudzi yekha, akufufuza njira ndi ndodo. Uthenga wa maliro ake unandipeza mochedwa, anthu atayika kale.